Sefa zachitsulo zotchingira makoswe kunsi kwa nyumba zakale za ku England: kuunika kwanga

Nyumba zambiri zomwe Amalawi timachita lendi kapena kugula m'mizinda ngati Leeds, Manchester ndi Leicester ndi zija zogundizana makoma, zomangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Pansi pa zipinda zake nthawi zambiri sipakhala simenti, koma matabwa okhomedwa pa mitanda, ndipo kunsi kwa mitandayo kumakhala mpata wotsikira mpaka pa dothi. Kuti mpweya uziyenda mumpatamo, amisiri anaika njerwa zamabowo m'munsi mwa khoma la kumaso ndi la kuseri, zomwe kuno amazitchula kuti air brick. Mabowo amenewa ndiwo amateteza matabwa kuti asawole, komanso ndi omwewo amene makoswe amalowera kukayamba kuzizira m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Chomwe ndikuunika pano ndi sefa zachitsulo zomwe zimagulitsidwa m'masitolo a zomangira ndi pa intaneti, zokhomera pamwamba pa njerwazi.

Munthu akaona zitosi zakuda, zazing'ono ngati mpunga, kuseri kwa kabati ya kukhitchini, nzeru yoyamba yomwe imabwera ndi yakuti amate mabowo onse ndi simenti kapena atsekepo ndi nsanza. Kutero n'kuthamangitsa khoswe n'kuitana vuto lalikulu kuposa iyeyo. Dothi la kunsi kwa nyumba limatulutsa chinyezi chaka chonse, ndipo chikasowa potulukira chimalowa m'mitanda. Thabwa likanyowa kupitirira pafupifupi 20 peresenti limayamba kugwidwa ndi nguwi komanso bowa wowoletsa matabwa, makamaka wotchedwa Serpula lacrymans, yemwe amatha kuyanga ngakhale pa njerwa pofunafuna thabwa lina. Amene anakulira kumudzi akudziwa chifukwa chomwe nkhokwe imakhalira pamiyala m'malo mogunda pansi, ndipo nzeru yake ndi yomweyi. Malangizo a zomangamanga a ku England, m'chikalata cha Approved Document C, amanena kuti nyumba yatsopano yamtunduwu ikhale ndi mabowo pa makoma awiri oyang'anana, okwana 1,500 mm² pa mita iliyonse ya khoma lakunja kapena 500 mm² pa sikweyamita iliyonse ya pansi, kutengera chomwe chakula pa ziwirizi. Nyumba zakale zambiri zili kale ndi mpweya wochepa, choncho chilichonse chomwe mungaike pa mabowo ake chiyenera kuusiyira njira.

Apa m'pamene sefazi zimaonetsa phindu lake. Khoswe wamng'ono wa m'nyumba amatha kudzipanikiza pa mpata wa mamilimita 6, kukula kwa pensulo, pomwe timabowo ta sefa zomwe ndinagula n'ta mamilimita pafupifupi 2. Waya wake ndi wachitsulo chosachita dzimbiri, ndipo zimapezeka m'misinkhu yogwirizana ndi njerwa zofala, monga ya 215 mm m'litali ndi 65 mm kapena 140 mm m'msinkhu. Zilipo za felemu yapulasitiki ndi za chitsulo chokhachokha. Zapulasitiki zimaoneka bwino pa khoma ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo, koma ngati dera lanu lili ndi makoswe akuluakulu a m'ngalande, omwe mano awo salephera pulasitiki, gulani zachitsulo chokhachokha.

Kukhoma kwake si ntchito yofuna mmisiri. Pali njira ziwiri, kumata ndi guluu wa panja kapena kuboola khoma n'kumanga ndi masikuluwu, ndipo ine ndikulimbikitsa yachiwiriyi. Njerwa za nyumba zakale n'zokumbikakumbika, mwina zinapakidwa penti yomwe ikusupuka, moti guluu amagwira pentiyo m'malo mogwira khoma. Pa khoma lathu la kuseri, felemu itakhala pamalo pake, panatsala kampata m'ngodya imodzi pomwe simenti ya pakati pa njerwa inagumuka kalekale, ndipo pensulo inalowa bwinobwino. Ndinayenera kumatapo kaye ndi simenti ndisanamange sikuluwu yomaliza. Malangizo a m'paketi sanakambepo za zimenezi, koma sefa yosiya mpata m'mbali ndi yokongoletsa khoma chabe.

Chomwe sichinandisangalatse n'chakuti ogulitsa sanena momveka kuti sefa imachepetsa mpweya, ndipo imauchepetsa kwambiri ikada. Itadutsa nyengo yoyoyoka masamba, ndinapeza ya kuseri itaphimbika ndi ukonde wa akangaude, fumbi ndi tizidutswa ta masamba tomwe mvula inamatirirapo, moti nditayandikitsa dzanja lonyowa sindinamve kamphepo kalikonse, pomwe ya kumaso inkapuma bwino. Burashi yolimba inachotsa zonsezo m'kanthawi kochepa, koma wosadziwa akhoza kukhala zaka ndi sefa yotsekeka, iye n'kumati nyumba yake ndi yotetezedwa pomwe mitanda ikunyowa. Muziziyendera nyengo ikamasintha, ndipo muonetsetse kuti miphika ya maluwa, mabini kapena dothi la m'dimba sizikutchinga njerwazo. Sefa ilibenso mphamvu pa madzi ochokera ku paipi yodontha kapena ku ngalande ya padenga yothyoka. Fungo la chinyontho likapitirira, gwero lake lifufuzidwe palokha.

Kodi makoswe anatha? Anachepa ndithu, koma sefa pazokha sizinamalize nkhondoyo, ndipo sindingazidzudzule pa chifukwa chimenecho. M'nyumba zogundizana, makoswe amayenda kuchokera kwa oyandikana nawo kudzera m'ming'alu ya khoma lapakati ndi m'mbali mwa mapaipi, kotero khomo la panja mukalitseka, la m'kati limakhala lidakali lotsegula. Ndinachotsa thabwa la m'munsi mwa makabati a kukhitchini n'kupeza kuti bowo lomwe paipi ya sinki imadutsa linali lalikulu kuposa paipiyo. Malo otere amafuna kutsekedwa ndi waya wopotanapotana wosachita dzimbiri n'kumatapo pamwamba, chifukwa thovu lija lofufuma lomwe ambiri amapopera, makoswe amangoliketa. Omwe anali kale m'kati anafunika misampha, pakuti khoswe wamkazi amabereka patatha masabata atatu okha atatenga bere, ndipo kuwatsekera kunsi kwa nyumba popanda kuwagwira n'kungowaweta. Dziwani kuti misampha ya ulimbo ndi yoletsedwa kwa anthu wamba ku England kuyambira pa 31 Julaye 2024, malinga ndi lamulo la Glue Traps (Offences) Act 2022, choncho gwiritsani ntchito misampha yofwamphuka.

Pali bowo limodzi lomwe simuyenera kuliphimba ndi sefa ngakhale pang'ono, lomwe ndi lolowetsa mpweya wa chipangizo choyaka ndi gasi, monga chotenthetsera chipinda kapena boiler (chotenthetsera madzi a m'nyumba) yakale. Mpweya ukachepa pamenepo, moto umatulutsa utsi wa carbon monoxide, wosaoneka ndiponso wopanda fungo, womwe umapha anthu ali m'tulo. Njerwa za kunsi kwa matabwa zimakhala pafupi ndi nthaka, koma ngati mukukayika za bowo lina, funsani mmisiri wolembedwa mu Gas Safe Register, kaundula wa amisiri ovomerezeka kugwira ntchito za gasi, musanakhomepo kanthu.

Kwa mwininyumba, sefazi ndi zoyenera kugula, chifukwa ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi kuitana kampani yopha makoswe chaka ndi chaka kapena kusintha mitanda yowola. Kwa amene akuchita lendi, musaboole khoma musanapemphe chilolezo. Jambulani zithunzi za zitosi ndi za njerwa zosweka, muzitumize kwa alandilodi kapena kwa ejenti wawo polemba, chifukwa kukonza makoma akunja a nyumba yalendi ndi udindo wawo pansi pa lamulo la Landlord and Tenant Act 1985.