Kashopu kokonza ma laptop ku Area 2: amayamba akuonetsani vuto musanatulutse ndalama

Mukatsika minibasi pa depoti n'kulowera cha ku Malangalanga, timashopu ta anyamata okonza mafoni ndi makompyuta tangoti mbwee. Kamene ndikunena ine n'kakang'ono kwambiri, kapanikizika pakati pa wogulitsa makava a mafoni ndi mayi wina wa zitenje. Ine ndine mphunzitsi ku Area 25, ndipo laptop yanga ya HP, yomwe ndinagula yogwirapo kale ntchito, ndiyo ndimalembera mayeso ndi kusungira malikisi a ana. Teremu yathayi inayamba kuchedwa moti kungotsegula Word kunkatenga mphindi zingapo.

Chimene ndawakondera achimwene a pashopupa n'chakuti sanalande laptop n'kulowa nayo kuseri. Anaiyatsa ine ndili pomwepo, anadina Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi, n'kutuluka tsamba lomwe amati Task Manager. "Madamu, tayang'anani apa," anatero akuloza ndi sikuludiraiva. Pa Disk panalembedwa 100%, Memory nayo inali itatsala pang'ono kudzaza. Anandifotokozera kuti RAM, yomwe ndi Memory ija, ili ngati tebulo limene ndimayalapo makope pochonga, pomwe hard disk ndi kabati yosungiramo makopewo. Tebulo langa linali laling'ono, la 4GB, choncho kompyuta inkangothamangira ku kabati, koma kabatiyo chitseko chake n'cholimba. Zaka zonsezi mawu amenewa ndinkangowamva kwa anyamata ogulitsa, tsiku limenelo ndinawamvetsa.

Sanandikakamize kugula zonse pakamodzi. Anati tiyambe ndi SSD, chosungiramo mafayilo cholowa m'malo mwa hard disk, chifukwa hard disk yakale ili ndi kambale kozungulira mkati ndipo imawerenga pang'onopang'ono, pomwe SSD ilibe chozungulira chilichonse. RAM tidzawonjezera kufika 8GB ndalama zikapezeka. Ananena zoona: pano laptop imayaka ndisanakhazikike n'komwe pampando. Hard disk yakale ija anandibwezera m'manja, n'kundiuza kuti ndiigulire kabokosi ka USB ikhale yosungiramo backup. Apa ndiye ndinawapatsa ulemu, chifukwa tonse tikudziwa kuti zida zochotsedwa nthawi zambiri sizibwerera kwa mwini wake.

Atamasula pansi pake anandiitana kuti ndione fani. Anasolola ndi kapanira fumbi lotuwa, lomatana ndi ulusi wa bulangete, lomwe linali litatseka polowera mpweya ponse. Fumbi la Lilongwe m'chilimwe mukulidziwa. Anati laptop isamaikidwe pabedi kapena pamtsamiro, chifukwa ikatentha imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse, mwinanso kuzima kumene.

Nkhani ya Windows anainena mosabisa. Microsoft inasiya kutumiza ma update a chitetezo a nthawi zonse a Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo laptop yanga n'njakale, ilibe kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 komwe Windows 11 imafuna. Igwirabe ntchito, koma ndizisamala zimene ndikulowetsamo. Makamaka fulashi. Ife aphunzitsi timayenda nayo m'malo opulintira ambirimbiri, ndipo n'kumene imatenga kachilombo kaja kobisa mafoda n'kusiya ma shortcut okhaokha. Malangizo awo: pepala la mayeso ndizilisunga ngati PDF n'kulitumiza pa imelo kapena pa WhatsApp kwa wopulinta. Ubwino wina, PDF siisokonekera mizere ukaitsegula pa kompyuta ina. Antivirus yakuba anakana kundiikira, akuti Microsoft Defender yomwe ilimo kale ndi yabwino kuposa zimenezo.

Ndinadandaulanso kuti bando imatha msanga ndikalumikiza laptop ku foni kudzera pa hotspot. Analowa pa Settings, pa Wi-Fi, n'kuyatsa Metered connection kuti Windows isamangokoka ma update akuluakulu ine osadziwa. Kanthu kakang'ono, koma kandipulumutsira ndalama za mayunitsi.

Foni sindinabwere nayo kudzakonzetsa, koma podikira anandiuza kuti ndiimbe *#06#. Panatuluka nambala ya manambala 15, IMEI, yomwe foni iliyonse ili ndi yakeyake. Anati ndiilembe m'kope kunyumba, chifukwa foni ikabedwa apolisi amaifunsa. Kenako tinayatsa Two-step verification pa WhatsApp, yomwe ndi PIN yowonjezera yotetezera akaunti. "Amayi, kodi ija ya manambala 6 imene imabwera pa SMS musapatse munthu, ngakhale atanena kuti ndi m'bale wanu. PIN ya Mpamba kapena Airtel Money chimodzimodzi." Zimenezi zinandikhudza, chifukwa pa gulu lathu la aphunzitsi alipo amene analandidwa WhatsApp mwanjira imeneyi, akuba n'kuyamba kupempha ndalama m'dzina lawo. Anandikumbutsanso kuti akaunti ya Gmail imabwera ndi malo aulere a 15GB, ogawana pakati pa imelo, Google Drive ndi Google Photos. Malikisi a ana tsopano ali kumenekonso.

Zofooka zilipo ndithu. Nthawi sasunga. Akati mubwere masana, dziwani kuti ntchito itha dzuwa litapendeka, chifukwa aliyense wobwera ndi foni yosweka galasi amamuyankha kaye. Pokhala palibe, kupatula kabenchi kamodzi ka anthu awiri, ndipo phokoso la oitanira minibasi limalowa mpaka mkati. Magetsi akazima ntchito yaima, alibe jenereta kapena inveta. Mtengo wa SSD unandiwawa, ngakhale ndikudziwa kuti zinthuzi zimachokera kunja. Chimene sindinakondwe nacho kwenikweni ndi lisiti: sapereka pokhapokha mutapempha, ndipo galanti amangoinena pakamwa. Ine ndinaumirira kuti alembe tsiku, mtundu wa SSD ndi kukula kwake, 256GB, n'kusainira. Analemba mosanyinyirika, koma munthu wamanyazi akhoza kuchoka chimanjamanja.

Amapemphanso pasiwedi ya laptop kuti ayese ntchito yawo. Palibe cholakwika, komabe mukafika kunyumba isintheni, ndipo musanaisiye tulukani mu Gmail ndi Facebook. Ngati mu laptopmo muli mafayilo a kuntchito, akopereni kaye kwina.

Mukafuna kupitako, pitani m'mawa pakati pa sabata, osati Loweruka, ndipo tengani chaja chanu chenicheni, chifukwa amachiyeza nachonso. Changa anachipeza chili bwino, koma anandichenjeza kuti ndisamasiye laptop pa soketi magetsi akazima, popeza akamabwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu. Kumapeto kwa mwezi ndikalandira, ndibwererako kukaikitsa RAM ija.