Sony A7 III: kodi mapikiseli 24 miliyoni akadali okwanira?

Kamera iyi inatuluka mu 2018 pa mtengo wa madola 1,999 popanda lenzi, ndipo masiku ano ambiri amaigula yogwiritsidwapo kale ntchito. Funso limene ogula amafunsa kawirikawiri ndi loti: bwanji munthu awononge ndalama pa kamera ya mapikiseli (tizidutswa ting'onoting'ono timene timapanga chithunzi) 24 miliyoni pamene foni ya m'thumba ili ndi 200 miliyoni? Yankho lili pa sensa, kagalasi kolandira kuwala kamene kamaoneka mukachotsa lenzi.

Sensa ya A7 III ndi ya mamilimita 35.6 m'litali ndi 23.8 m'lifupi, ndipo pali mapikiseli 6000 chopingasa, 4000 chotsika. Mukagawa 35.6 ndi 6000 mupeza kuti pikiseli iliyonse ndi ya ma micron 5.9, pomwe micron imodzi ndi milimita yogawidwa ka 1000. Foni ya Samsung Galaxy S23 Ultra ili ndi mapikiseli 200 miliyoni, koma iliyonse ndi ya micron 0.6 basi, ndipo sensa yonse ndi yochepa pafupifupi ka 12 poyerekeza ndi ya Sony. N'chifukwa chake foniyo imaphatikiza mapikiseli 16 kukhala imodzi, n'kutulutsa chithunzi cha mapikiseli pafupifupi 12 miliyoni. Eni ake akudziwa kuti tizidutswa tating'ono chonchi patokha sitikola kuwala kokwanira.

Komabe pali bodza limene lafala pakati pa ojambula, loti pikiseli yaikulu ndiyo imachotsa timadontho timene timadzadza chithunzi chojambulidwa mumdima. Chimene chimagwira ntchito kwambiri ndi kukula kwa sensa yonse. Zili ngati kutchera madzi a mvula pabwalo: kaya mwandanda ndowa zazikulu zochepa kaya makapu ambirimbiri, madzi amene mupeze akudalira kukula kwa bwalolo. Sony A7R IV ili ndi mapikiseli 61 miliyoni a ma micron 3.76 pa sensa yaikulu mofanana. Mukakulitsa chithunzi chake pa kompyuta mpaka kumapeto chimaoneka cha timadontho tambiri, koma mukasindikiza chithunzi chake ndi cha A7 III pa pepala lofanana, kusiyana kumachepa kwambiri. Kumbali ina, Sony A6400 ilinso ndi mapikiseli 24 miliyoni, koma sensa yake ndi ya mamilimita 23.5 ndi 15.6. A7 III imaiposa kukula ka 2.3, choncho chithunzi cha ISO (nambala imene mumakweza kuti chithunzi chiwale mumdima) 6400 pa A7 III chimakhala choyera ngati cha ISO 3200 kapena kutsikirapo pang'ono pa A6400. Phindu lenileni ndi limeneli, ndipo mu holo ya ukwati ya mababu anayi limaoneka ndithu.

Apa pali chinthu chimene sichinalembedwe pa bokosi. Sensa imeneyi imasintha kawerengedwe kake ikafika pa ISO 640, ndipo malo amdima a chithunzi amayera bwino kuposa pa ISO 500. Ndiye kuwala kukachepa, musaime pa 500. Lumphani kuchoka pa 400 kufika pa 640. Kupitirira apo, kukweza ISO mu kamera ndi kuwalitsa fayilo ya RAW (chithunzi chosakonzedwa, monga chachokera pa sensa) pa kompyuta kumapereka zotsatira zoyandikana kwambiri. Zimenezi zimathandiza pa vuto limene aliyense wojambula maukwati amalidziwa: diresi loyera mbee pambali pa nkhope yakuda ndi suti yakuda. Mukatsegulira kuwala nkhope, maluwa osokedwa pa diresi amafufutika, ndipo zofufutika sizibwerera. Tetezani diresi, jambulani RAW, nkhope mudzaiwalitse pambuyo. Pa ISO 100 sensayi imalola kukweza mithunzi masitepe atatu (sitepe iliyonse ndi kuwirikiza kuwala kawiri) popanda chithunzi kuwonongeka. Pa JPEG, chithunzi chimene kamera yakonza kale yokha, musayese.

Mafayilo a RAW alipo a mitundu iwiri: osapanikiza a ma MB pafupifupi 47, ndi opanikiza a theka lake. Opanikizawo amataya pang'ono, ndipo nthawi zina zimaonekera m'mphepete mwa chinthu chowala kwambiri chimene chagundana ndi mdima. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku opanikiza ndi okwanira. Malo olowetsa makhadi ndi awiri, koma oyamba okha ndiwo amathamanga pa liwiro lalikulu lotchedwa UHS-II, ndiye RAW ipite kumeneko.

Mapikiseli 6000 akasindikizidwa pa madontho 300 pa inchi amafika masentimita 50.8, kupitirira pepala la A3. Pamene 24 miliyoni imakupanikizani ndi podula chithunzi, kapena mukaika lenzi yopangidwira sensa yaing'ono, chifukwa mumangotsala ndi mapikiseli pafupifupi 10 miliyoni. Wojambula mbalame angadandaule. Ubwino wa mapikiseli aakuluwo ndi woti amakhululuka: kunjenjemera pang'ono kwa dzanja ndi lenzi yotsika mtengo sizionekera msanga, ndipo mutha kuchepetsa bowo lolowetsa kuwala la lenzi mpaka f/11 chithunzi chisanayambe kufewa.

Tsopano zofooka, ndipo chachikulu chili pa sensa yomweyo. Imawerengedwa mzere ndi mzere kuyambira pamwamba, ndipo mukasankha kujambula mwakachetechete, popanda shata (kachitseko kotsegulira ndi kutsekera kuwala) kulira, kuwerengako kumatenga pafupifupi 1/15 ya sekondi. Mu tchalitchi zimakopa kuzimitsa phokoso, koma zotsatira zake ndi manja a wotsogolera kwaya opindika ngati nthochi, ndiponso mizere yakuda yopingasa chithunzi pansi pa mababu a LED. Magetsi athu ndi a 50 Hz, kutanthauza kuti mababu ambiri amaphethira ka 100 pa sekondi. Mankhwala ake ndi kubwerera ku shata yolira ndi kuyatsa Anti-flicker, imene sigwira ntchito mwakachetechete. Ngati simungachitire mwina, ikani liwiro la shata pa 1/50 kapena 1/100 ya sekondi. Pa vidiyo ndi chimodzimodzi: sankhani PAL, 25p (zithunzi 25 pa sekondi) ndi 1/50. Vidiyo ya 4K imatuluka yakuthwa chifukwa imatengedwa kuchokera ku 6K, koma ndi ya 8-bit (imasunga mitundu yocheperapo), imaduka ikatsala pang'ono kukwana mphindi 30, ndipo mukatembenuza kamera mofulumira mitengo ya magetsi imapendekeka. Ojambula ulaliki wonse kapena msonkhano wa maola awiri adziwiretu.

Chachiwiri ndi fumbi. Mukachotsa lenzi sensa imakhala pamtetete, ndipo kamerayi sitseka shata ikazimitsidwa monga imatha kuchitira A7 IV, imene inabwera pambuyo pake. M'nyengo ya mphepo ndi fumbi, sinthani lenzi kamera itazima ndipo italoza pansi. Kachotengera kopopera mpweya kasachoke m'chikwama. Kupemerera ndi pakamwa kumasiya malovu.

Batire ya NP-FZ100 ndi yabwino, Sony imati zithunzi 710 pogwiritsa ntchito sikirini ndi 610 poyang'ana m'kadiso. Sikiriniyo ndiye yosasangalatsa, padzuwa la masana imavuta kuona.

Pa maukwati, zinkhoswe ndi zithunzi za anthu, sensa iyi ikadali ndi mphamvu, ndipo ndalama yotsala ndi bwino ipite pa lenzi ya 35mm kapena 85mm ya f/1.8. Pogula yakale, onani kaye kuchuluka kwa zithunzi zimene shata yajambula. Inapangidwa kuti ifike 200,000. Kenako tsekani lenzi pa f/22 mujambule khoma loyera kuti fumbi ndi zokala zionekere. Pomaliza vundikirani lenzi ndi chitsekero chake, mujambule kwa masekondi 10 pa ISO 1600, mukulitse chithunzicho. Timadontho towala tiwiri titatu si nkhani, koma mzere wathunthu wofiira kapena wobiriwira ndi sensa yodwala, ndipo kuisintha kungadye pafupifupi ndalama yogulira kamera ina yakale.