Koleji ya unamwino yotchipa ndi iti, nanga yabwino ndi iti?

Timapepala totsatsira makoleji a unamwino timafanana ngati tinasindikizidwa ndi munthu mmodzi: mtsikana womwetulira atavala yunifolomu yoyera, stethoscope ili m'khosi, kumbuyo kwake nyumba yopaka penti bwino, m'munsi mwalembedwa fizi ya chaka chimodzi. Koma chimene mukulipirira sichili pachithunzipo. Mukulipirira chiphaso chogwirira ntchito, komanso manja odziwa chochita wodwala akayamba kubanika pakati pa usiku dokotala kulibe. Mitundu ya makoleji imene ilipo tiiyesa ndi zinthu ziwirizi.

Tiyambe ndi chiphaso, chifukwa pamenepa ndi pamene anthu amatayira ndalama zonse nthawi imodzi. Dipuloma kapena digiri payokha siimulowetsa munthu mu wodi. Pafupifupi dziko lililonse lili ndi khonsolo yoyang'anira anamwino imene imasunga kaundula wa ololedwa kugwira ntchito. Ku United Kingdom ndi Nursing and Midwifery Council, ku America munthu amayenera kukhoza mayeso a NCLEX. Khonsolo imavomereza pulogalamu iliyonse payokha, ndipo msampha uli pomwepa: koleji ikhoza kukhala yololedwa kuphunzitsa dipuloma, koma digiri imene yangoyambitsa kumene isanavomerezedwe. Musadalire satifiketi yopachikidwa pakhoma la ofesi. Funsani kukhonsolo kwenikweniko, mutchule dzina la koleji, dzina la pulogalamu ndi nthambi imene mukaphunzire, ndipo mufunse kuti chilolezocho chikutha liti. Akakuuzani kukoleji kuti "mapepala ali m'njira", bwererani ndi ndalama zanu. Mu Januwale 2023 boma la America linaulula kuti masukulu atatu a ku Florida anagulitsa madipuloma abodza a unamwino oposa 7,600, ndipo ena amene anali atayamba kale ntchito analandidwa ziphaso. Ngati zoterezi zimachitika kumene malamulo ndi okhwima chonchi, safunsa anadya phula.

Funsaninso kuti maphunzirowo akakufikitsani pa mlingo uti. M'mayiko ambiri muli anamwino a magulu awiri kapena kuposa, ena amaphunzira nthawi yochepa n'kumagwira ntchito moyang'aniridwa, ena ndi amene amayendetsa wodi. Kuyambira pansi si kulakwa, ndipo nthawi zambiri ndi njira yotsika mtengo, bola pakhale khomo lodzakwerera pamwamba popanda kuyambiranso chaka choyamba.

Tsopano wodi, umene ndi mtima wa nkhani yonse. Florence Nightingale, amene amadziwika kuti ndiye anayambitsa unamwino wamakono, potsegula sukulu yake mu 1860 anaiika m'kati mwa chipatala cha St Thomas' ku London, ndipo mpaka lero sipanapezeke njira yophunzitsira namwino kutali ndi bedi la wodwala. Mayiko a mu European Union anagwirizana kuti namwino aziphunzira zaka zosachepera zitatu, maola 4,600, ndipo theka la maolawo likhale la kuchipatala. Maola 2,300 mukawagawa m'mashifiti a maola 8 akukwana mashifiti pafupifupi 288. Dziko lanu likhoza kukhala ndi chiwerengero chake, koma ichi chikupatsani poyambira. Kwa azamba malamulo omwewo amafuna kuti wophunzira abereketse yekha amayi 40 ndi kuyeza amayi oyembekezera kosachepera ka 100. Ndiye koleji ikamalemba ophunzira 150 pa chaka pomwe chipatala chake chimabereketsa amayi awiri kapena atatu pa tsiku, werengani nokha ngati aliyense angakwanitse.

Maola olembedwa pa pepala ndi osavuta kukwaniritsa. Vuto limaonekera mu wodimo. Lowani m'mawa pa nthawi imene madokotala akuzungulira, muone. Pamene zinthu zili bwino mupeza ophunzira atatu kapena anayi, wina akusintha bandeji, wina akulemba kutentha kwa thupi ndi BP pa tchati, mphunzitsi ali chapafupi akuyang'ana. Pamene zinthu zavuta mupeza gulu la ophunzira makumi awiri ochokera m'makoleji atatu atazinga bedi limodzi, akumbuyo akungoona misana ya anzawo, ena atakhala pa benchi panja akuseweretsa foni. Madzulo onsewo buku lawo lisainidwa kuti "anaona". Kuona kanyula (kachubu kolowetsa mumtsempha) ikulowa si kuilowetsa. Mtsempha wa mwana amene watha madzi m'thupi chifukwa chotsekula m'mimba umathawa singano, ndipo dzanja limaphunzira kuupeza pokhapokha litayesa kambirimbiri wina wodziwa ataima pambali. M'kuona kwathu, mphunzitsi mmodzi akapatsidwa ophunzira opitirira khumi mu wodi, sakuphunzitsanso, akungoitana mayina.

Pali kayeso kakang'ono kamene timakakonda. Pezani wophunzira wa chaka chomaliza, mumufunse kuti dripu ya mamililita 1,000 yoyenera kutha m'maola 8, pa chubu chotulutsa madontho 20 pa mililita, iyende madontho angati pa mphindi. Yankho ndi 42. Wophunzitsidwa bwino sachedwa nalo. Mukafunsa atatu onse n'kumayang'anana, mwadziwa zambiri za kolejiyo kuposa zimene mkulu wake angakuuzeni tsiku lonse.

Nanga mitundu ya makolejiyo ikuyenda bwanji pa muyeso umenewu?

Makoleji ndi mayunivesite a boma kawirikawiri ndi amene fizi yake ili pansi, ndipo amatumiza ophunzira ku zipatala zikuluzikulu kumene matenda amtundu uliwonse amafika. Chiphaso chake sichikayikitsa. Zovuta zake ndi malo ochepa, makalasi odzaza, ndiponso kalendala imene imatha kusokonekera, zaka zinayi n'kukhala zisanu. Mukapeza malo, tengani.

Makoleji omangidwa pa chipatala chawochawo, ambiri mwa iwo a mipingo kapena mabungwe osafuna phindu, ndi amene ife timawaona kuti ndalama ya kholo imagwira ntchito kwambiri. Fizi imakhala pakatikati. Wophunzira amadzuka m'hositelo n'kuyenda wapansi kupita ku shifiti, masisitala a m'mawodi amamudziwa dzina, ndipo akajomba zimadziwika tsiku lomwelo. Chofooka chake n'chakuti chipatala chikakhala chaching'ono sichikhala ndi wodi ya odwala kwambiri kapena ya matenda a maganizo, choncho funsani kumene amatumiza ophunzira pa magawo amenewa ndi amene amalipira ulendowo. Malamulo a m'hositelo amathanso kukhala okhwima, ena zimawasowetsa mtendere.

Makoleji apulayiveti ndi osiyana kwambiri, abwino alipo ndithu ndipo oipa alipo. Amalemba ophunzira mwachangu, ena kawiri pa chaka, nyumba zake ndi zokongola. Koma chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere: ambiri alibe chipatala, amadalira mapangano ndi zipatala za ena. Pemphani kuona panganolo, lolembedwa ndi losainidwa, muone kuti limalola ophunzira angati nthawi imodzi ndipo likutha chaka chiti. Funsaninso kuti ndi aphunzitsi angati amene ndi olembedwa ntchito pakolejipo, chifukwa koleji yodalira aganyu obwera Loweruka imasiya ophunzira okhaokha mu wodi sabata yonse. Koleji yochita malonda ikhozanso kutseka mwadzidzidzi, monga inachitira ITT Technical Institute ku America mu 2016, ophunzira kuphatikizapo a unamwino n'kutsala m'malere.

Za pa intaneti sitichedwapo. N'zothandiza kwa namwino amene ali kale ndi chiphaso ndipo akufuna kuwonjezera digiri. Kwa woyamba kumene, pulogalamu yolonjeza unamwino wonse pa foni ndi bodza.

Pa nkhani ya ndalama, fizi yolengezedwa ndi mutu chabe, thupi lili m'madzi. Tiyerekeze makoleji awiri a zaka zitatu. Yoyamba fizi ndi 100 pa chaka, yachiwiri 130. Yoyambayo ilibe hositelo, lendi ikudya 30 pa chaka, ndipo chipatala chili kutali, thiransipoti 20. Pakutha pa zaka zitatu mwalipira 450. Yachiwiri, malo ogona ali m'kati mwa fizi ndipo chipatala chili pakhomo, mwalipira 390. Musanawerenge n'komwe mayunifolomu awiri kapena atatu, nsapato zotseka, wotchi yoonetsa masekondi, stethoscope, mabuku, ndalama yolembetsera kukhonsolo ngati wophunzira, ya mayeso a chiphaso ndi ya mwambo womaliza maphunziro. Pemphani pepala la zolipira zonse za zaka zonse, mufunse kuti fizi yakwera kangati m'zaka zitatu zapitazi, mayeso obwereza amalipiritsa zingati, ndipo wolephera phunziro limodzi amabwereza phunzirolo kapena chaka chathunthu. Funso lomalizali limadutsa anthu ambiri, chonsecho ndi limene limasandutsa koleji yotchipa kukhala yodula kuposa zonse.

Chiwerengero cha okhoza mayeso nachonso chimafuna kuchifunsa mochenjera. Koleji ikhoza kunena kuti 96 pa 100 alionse anakhoza, ndipo osanama. Koma ngati inalemba ophunzira 120 chaka choyamba, n'kulola 50 okha kukalemba mayeso a khonsolo, 48 n'kukhoza, ndiye kuti mwa amene analipira fizi tsiku loyamba ndi 40 pa 100 alionse amene anatuluka ndi chiphaso. Funsani manambala atatu a gulu limodzi: analowa angati, anamaliza pa nthawi yake angati, anakhoza ulendo woyamba angati. Koleji yodzidalira imayankha osazengereza.

Pokayendera, pitani tsiku la maphunziro osati tsiku lolandira alendo. Pemphani kuti akutsegulireni chipinda choyesererako ntchito, chimene ambiri amachitcha skills lab. Musachite chidwi ndi chidole chimodzi chodula chokutidwa ndi pulasitiki. Yang'anani ngati mikono yoyesererapo jakisoni ili ndi zipsera za singano, ngati magulovu ndi makatheta (timachubu totulutsira mkodzo) alipo okwanira, ngati pampopi pakutuluka madzi ndipo sopo alipo, ngati pakhomo pali ndandanda yosonyeza kuti ophunzira amalowamo okha kukayeserera. Chipinda chaukhondo mopitirira, chosaoneka kuti munalowa munthu, chimatikayikitsa kuposa chothaitha.

Funsaninso za chitetezo cha wophunzira, poti singano imabaya ophunzira kawirikawiri pamene manja asanazolowere. Koleji yosamala imaonetsetsa kuti aliyense walandira katemera wa hepatitis B asanalowe mu wodi, amene nthawi zambiri amabayidwa katatu, koyamba, pakatha mwezi, kenako pa miyezi isanu ndi umodzi. Wophunzira aliyense ayeneranso kudziwa kothamangira akadzibaya, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV a PEP ayenera kuyambidwa msanga, maola 72 asanadutse, n'kumwedwa masiku 28. Mukafunsa wophunzira wa chaka chachiwiri za zimenezi n'kudabwa, ndiye kuti palibe anamuuza.

Thandizo la fizi lochokera ku boma, chipatala kapena bungwe nthawi zambiri limabwera ndi pangano loti mukamaliza mukagwire ntchito kumene akutumizeni kwa zaka zingapo. Kwa ambiri ndi mwayi wowirikiza, sukulu yalipiridwa ndipo ntchito ikudikira. Koma werengani musanasaine: zaka zingati, akhoza kukutumizani kuti, mukalephera chaka chimodzi thandizo limapitirira kapena limaduka, ndipo mukachoka nthawi isanakwane mubweza ndalama zonse kapena za zaka zotsala zokha. Onaninso ngati satifiketi yanu aisunga mpaka panganolo litatha, chifukwa popanda iyo simungalembetse maphunziro apamwamba kwina kulikonse.