Sola pa mapiko a drone: zomwe ndaona kuchokera masika kufika dzinja

Ntchito yanga ndi yojambula minda kuchokera m'mwamba: maesiteti, masikimu a ulimi wothirira, mwa apo ndi apo malo oti akumbepo damu. Ndili ndi drone ziwiri. Ina ndi ya mapropela anayi, yomwe ambiri mumaiona pa maukwati. Inayo ndi ya mapiko ngati ndege yeniyeni, yopangidwa ndi fomu, mapiko ake opitirira pang'ono mamita 2, ndipo imanyamuka poiponya ndi dzanja. Ndi ya mapikoyi yomwe ndinaimata sola nthawi ya masika, anthu akukolola. Tsopano yadutsa m'chisanu, yapsa ndi dzuwa la Okutobala, yakumananso ndi mvula, choncho ndingathe kunenapo kanthu.

Ya mapropela anayi ija tiichotseretu pa nkhaniyi. Drone yotere imadya moto wambiri kuti ingoima m'malere, ndipo pamsana pake palibe malo. Dzuwa likafika paliwombo kumwamba kuli mbee, limapereka ma watt pafupifupi 1,000 pa sikweya mita imodzi, koma sola yabwino imangotolapo pang'ono kupitirira 20 peresenti. Kamsana konga chikhatho kangakupatseni ma watt angati, pomwe drone ikufuna 100 kapena kuposa? Mukaikulitsira sola, mphepo imaikankha, kulemera kumakwera, batire imatha msanga kuposa kale. Amene akukutsatsani zimenezo mungomuthokoza n'kumapita.

Pa ya mapiko nkhani ndi ina. Ndinaikapo timasola 24 topyapyala, tija ta masentimita 12.5 mbali zonse, m'mizere iwiri. Kalikonse kamalembedwa kuti kamapereka ma watt opitirira pang'ono 3, ndiye pa pepala ndi pafupifupi 80. M'mwamba sindinawaonepo 80 amenewo. Masana abwino chiwerengero chimazungulira pa 50, ndipo chifukwa chake n'chosabisika: pulasitiki yophimba imadya kuwala kwina, phiko n'lokhota kotero timasola sitiyang'ana dzuwa mofanana, ndiponso kabokosi ka MPPT, komwe kamasintha moto wa sola kuti ugwirizane ndi batire, nako kamadyapo gawo lake. Komabe 50 si wochepa kwa ndege yopepuka yomwe ikungoyenda mowongoka. Masiku ena a Seputembala, nthawi ya nkhomaliro, ndinkaona batire ikutsika mwaulesi kwambiri moti ulendo womwe kale unkatha ola lisanakwane unkapitirira ola ndi theka. Tsiku loyamba kuona zimenezi mnyamata amene amandithandiza anaganiza kuti mita yafa.

Tsono masamu omwe ogulitsa satchula ndi awa. Timasola tija, pulasitiki yake, mawaya, guluu ndi MPPT zinawonjezera magalamu pafupifupi 400. Kulemera komweko mutha kunyamula mabatire 8 a mtundu wa 18650, aja mumawapeza m'malaputopu akale ndi m'matochi. Iliyonse imalemera magalamu osakwana 50 ndipo yabwino imasunga pafupifupi 12 Wh (Wh imodzi ndi moto wa watt imodzi kwa ola lathunthu), ndiye onse pamodzi ndi 95 Wh kapena kuyandikira pamenepo. Kuti sola ya ma watt 50 ibweze moto wofanana ndi umenewu, ndege iyenera kukhala padzuwa maola pafupifupi awiri. Kutanthauza kuti ulendo uliwonse wosakwana maola awiri, batire yowonjezera ikanachita bwino kuposa sola, ndipo ikanatero m'mamawa, madzulo, kaya kuli mitambo. Ntchito zanga zambiri sizifika maola awiri. Munda umatha kujambulidwa, kapena ndege imafika poti maso sakuionanso bwino n'kuyenera kubwerera, khosi nalo litawawa ndi kuyang'ana kumwamba.

Nyengo ndiyo inandiphunzitsa zambiri. Juni ndi Julayi dzuwa limapendekera kumpoto, silifika pamutu ngakhale masana, ndiye phiko logona chafufumimba limalandira lochepa. Kum'mwera kuno chiperoni chikabwera, mutha kukhala masiku osaona dzuwa, sola n'kungokhala katundu. Mwera ukamawomba ndege imalimbana ndi mphepo, mota imadya kwambiri, phindu lija n'kumezedwa. Ogasiti mpaka Okutobala ndiyo nthawi yake, ngakhale utsi wa moto wa osaka mbewa ndi fumbi zimachepetsa kuwala kuposa momwe maso amaonera. Chokhumudwitsa n'chakuti makasitomala ambiri amandifuna Januwale ndi Febuluwale, chimanga chili m'munda, pofuna kuona pomwe mbewu yachita chikasu kapena pomwe madzi adikha. Imeneyo ndiyo miyezi ya mitambo. Sola imagwira bwino nthawi yomwe minda ili mbuu, yopanda chojambula.

Pali kanthu kena kakang'ono koma kovuta. Timasola tonse tinalumikizidwa mondondozana, kotero kamodzi kakaphimbika mzere wonse umafooka. Chitosi cha mbalame, chithunzithunzi cha kamlongoti ka GPS, ngakhale ndege ikangopendekeka pokhota kumapeto kwa mzere womwe ikutsata pojambula, chiwerengero chimagwa nthawi yomweyo. Pojambula munda ndege imakhota kawirikawiri, ndiye mizere italiitali imapindulitsa kuposa ifupiifupi.

Za kulimba kwake, musayembekezere zambiri. Timasola timeneti timasweka ngati chikamba cha dzira. Ndege yanga ilibe mateyala, imatera chamimba, ndipo m'munda wa mizere chilimwe nthaka imakhala gwa. Patapita miyezi ingapo ndinayamba kuona timing'alu tonga tsitsi pafupi ndi pomwe phiko limalumikizana ndi thupi, pamene limapindika kwambiri. Kong'aluka kamagwirabe ntchito koma mofooka, ndipo kamafooketsa anzake. Kusintha kamodzi ndi ntchito ya tsiku lonse: kumatula pulasitiki osang'amba fomu, kuwotcherera timawaya tatsopano, kumatanso. Kutentha kwa ku Chigwa cha Shire nako kunamatula guluu m'mphepete, ndipo sola ikatentha imapereka moto wochepa. Ndege ikamadikira pansi ndimaifunditsa chitenje. Ponyamula pagalimoto, mapiko amayenda pakati pa matiresi awiri opyapyala, ndipo palibe wololedwa kutsamirapo.

Anthu akamva za drone ya sola amakumbukira Zephyr ya Airbus, yomwe mu 2018 inauluka masiku pafupifupi 26 osatera. Zoona zimenezo, koma ndege imeneyo mapiko ake ndi mamita 25, kulemera kwake makilogalamu 75 okha, ndipo imauluka makilomita pafupifupi 20 m'mwamba, pamwamba pa mitambo yonse, kozizira, kopanda utsi ngakhale fumbi. Ife timauluka pansi pa mitambo. N'chifukwa chake sindidabwa kuti drone zonyamula mankhwala ndi magazi okayezetsa, zomwe zakhala zikuyesedwa kuchokera pomwe boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera ku Kasungu mu 2017, zimadalira batire yosintha zikatera. Katundu wakuchipatala sangadikire kuti kuche bwino.

Sola yomwe yandigwirira ntchito yeniyeni ndi yapansi. Nthawi yomwe ndinkamata sola pa mapiko ndinagulanso panelo yopinda ya ma watt 200 ndi batire yaikulu ya lithiamu ya 12 V, 100 Ah, yomwe imasunga pafupifupi 1,280 Wh. Ndikafika kumunda ndimayala panelo, batire yaikulu ndimaiika pamthunzi wa mtengo wa mango, ndipo mabatire a drone zonse ziwiri amatchajidwa mosinthana. Ina ikamauluka, ina ikuzizira, ina ili pa tchaja. Batire yongotera kumene imakhala yotentha, osaitchaja pomwepo, idikire kaye. Panelo yapansi mutha kuipendeketsa kutsata dzuwa, kuipukuta fumbi, ndipo kulemera kwake sikuvutitsa ndege. Mitambo ikabwera batire yaikulu imakhala itasunga za dzulo. Sindinyamulanso jenereta, sindisakanso petulo, sindilizanso injini ya galimoto pofuna kutchaja, ndipo magetsi akathima kunyumba zipangizo zomwezi zimayatsa laputopu yolumikizira zithunzi. Vuto lake ndi limodzi: ana a m'mudzi amabweretsa mafoni a makolo awo, ndipo kukana n'kovuta.

Kodi ndingamatenso sola pa phiko? Pa ntchito yotsata mtsinje kapena ngalande yaitali chilimwe, pomwe ulendo ungapitirire maola awiri ndipo chilolezo cha akuluakulu oona za ndege chilipo, inde. Kwa ophunzira, monga a ku African Drone and Data Academy yomwe inatsegulidwa ku Lilongwe mu 2020, ndi phunziro labwino la momwe kulemera, mphepo ndi moto zimakokanirana. Koma wojambula minda amene ali ndi ndalama zogulira chimodzi chokha, agule panelo yapansi ndi mabatire owonjezera. Ine ndagula mapiko ena opanda sola oti ndiziulutsa dzinja lino, ndipo a sola aja ndidzawatulutsa mu Ogasiti.