Supergiant Games, kagulu kochepa koma magemu awo ndi moto

Anyamata ambiri kuno ku Lusaka ukawafunsa za magemu amangoti FIFA na GTA basi, ndiye ndati lero ndilembeko za Supergiant Games chifukwa anthu amenewa ntchito yawo ine imandifika pamtima. Si kampani yaikulu ayi. Anaiyambitsa mu 2009 ndi Amir Rao ndi Gavin Simon atasiya ntchito ku Electronic Arts komwe ankapanga nawo magemu a Command & Conquer, n'kukayambira mnyumba ya bambo ake a Rao ku San Jose, California. Gemu yawo yoyamba Bastion inatuluka 2011 ndipo anaipanga anthu 7 chabe.

Bastion mpaka pano ikadali yokoma. Ukamayenda njira imabwera ikudzimanga yokha kumapazi kwako, ndiye pali mawu a mdala wina (ndi Logan Cunningham ameneyo) amene amafotokoza zonse ukuchita, ukangoyamba kuphwanya mabokosi mopanda cholinga iye amanena pompo. Transistor ya 2014 zojambula za Jen Zee ndi nyimbo za Darren Korb n'zapamwamba zedi koma kwa ine inafupika, umati wayamba kuizolowera yatha kale. Pyre ya 2017 ija yokhala ngati basketball ya atatu atatu sindikunamizeni, si aliyense angaikonde, kuwerenga kumachuluka.

Koma Hades abale. Anaitulutsa kaye isanathe mu December 2018 kuti osewera azinena zofunika kukonza, yonse inadzatuluka September 2020. Umakhala Zagreus mwana wa Hades, mulungu wa akufa mnthano za Agiriki, ukufuna kuthawa kudziko la akufa kwa bambo ako, ndipo uzifa, uzifa kwambiri. Meg yekha, mdani wamkulu amene umalimbana naye kumapeto kwa chigawo choyamba chotchedwa Tartarus, amakubweza kunyumba kangapo usanamudziwe bwino. Chimene anachita mwanzeru a Greg Kasavin amene amalemba nkhani zawo n'chakuti ukafa nkhani siiyima, umatulukira mdziwe la magazi mnyumba ya bambo ako, Hypnos mulungu wa tulo n'kukuuza chimene chakupha, mdala Hades ali pa desiki yake akukunyoza, Achilles akukulimbikitsa, moti m'malo moponya padi pansi umafuna kumva kuti anena chani ulendo uno. Zida zilipo 6 ndipo milungu ngati Zeus, Athena ndi Poseidon imakupatsa mphamvu zosiyana ulendo uliwonse. Amene manja ndi olemera musachite manyazi, yatsani God Mode, imachepetsa ululu ndi 20% n'kumaonjezera 2% ukafa. Mu 2021 Hades inawina Hugo Award, mphoto ya nkhani za science fiction ndi fantasy, gemu yoyamba kutenga mphoto imeneyo.

Kwa ife kuno ubwino wake ukaidawuniloda siifunanso intaneti, ndipo imasunga pomwe wafika chipinda chilichonse, magetsi akapita sutaya zambiri. Vuto ndi kudawuniloda komweko, ma GB ake ndi opitilira 10, bandulo ya pafoni ingathere panjira, bola kupeza wifi. Komanso pa kiyibodi zala zimawawa, pitani mtauni mukapezeko kapadi ka USB.

Hades II ya Melinoë, mlongo wake wa Zagreus amene akulimbana ndi Chronos, inatuluka yonse 2025, koyamba iwowa kupanga gawo lachiwiri la gemu yawo. Koma ngati ndalama ndi ya imodzi yambani ndi Hades yoyamba, dikirani sale ya pa Steam (sitolo ya magemu ya pa intaneti) mtengo umatsika kwambiri.