Malo ogona amene sanafunse chitupa

Anzathu a m'bungwe lathu la maliro kuno ku Mbare, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, akhala akundifunsa ngati malo ogona anthu osowa pokhala, kumene ndinaperekeza agogo ena m'chaka cha 2020, ndi odalirika mliri wina ukadzagwa. Ndikuti ndi odalirika, koma pali zina zimene munthu ayenera kudziwiratu asanatengereko mbale wake.

Boma litalamula kuti kuyambira pa 30 Malichi 2020 aliyense akhale pakhomo kwa masiku 21 chifukwa cha Covid-19, panali anthu amene lamulolo linawapeza alibe khomo loti n'kukhalapo. Mmodzi mwa iwo anali agogo amenewa, mtchona wochokera ku Dedza, amene anathera mphamvu zawo m'minda ya fodya mpaka mafamu atayamba kulandidwa m'chaka cha 2000, kenaka n'kumagona m'mbali mwa msika wa Mbare Musika, kumene ankanyamula matumba a mbatata ndi kabichi. Chitupa chawo chakale, chija cholembedwa kuti ALIEN, kutanthauza mlendo, chinatayika kalekale. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 anapatsa unzika ana obadwira kuno kwa makolo ochokera m'mayiko a SADC, bungwe la mayiko a kum'mwera kwa Africa, koma agogowa anabadwira kwathu ku Malawi, choncho paliponse pamene pankalembedwa mayina a olandira thandizo, iwo ankabwerera pakhomo.

Malo amene ndikunenawa ndi holo ya mpingo wina, imene imatsegulidwa nthawi ya mliri yokha. Chimene ndimawatamandira koposa chinachitika pakhomo penipeni. Mayi amene ankalandira anthu atafunsa dzina, agogo anayamba kufufuza m'matumba a jekete mwamantha, manja akunjenjemera, ngakhale ankadziwa kuti mulibe kanthu. Mayiwo anawagwira dzanja n'kuwauza m'Chishona kuti, "Sekuru, khalani pansi, za mapepala tidzakambirana mukadya." Anawayeza kutentha kwa thupi, n'kuwapatsa sopo, bulangete ndi matiresi. Ine ndinatuluka panja kukapukuta misozi, chifukwa pa zaka zonse zimene ndakhala ndikuperekeza okalamba athu m'maofesi, ndinali ndisanaonepo munthu wopanda chitupa akulandiridwa chotero.

Chakudya chinali phala m'mawa ndi nsima ya nyemba kapena masamba madzulo, ndipo chinkakwanira. Namwino ankabwera kudzaona odwala, ndipo ndiye anazindikira kuti agogo ali ndi matenda othamanga magazi.

Zofooka zinalipo, ndipo sindizibisa. Matiresi anali oyandikana kwambiri moti wina akatsokomola usiku, anzake onse ankadzifunditsa kumutu, pamene cholinga chenicheni cha malowo chinali kuteteza anthu ku matenda opatsirana kudzera m'mpweya. Madzi a m'mipope ankasowa masiku ambiri, ndipo anthu okalamba ankaima pamzere wa pachitsime ndi zigubu. Nkhani ya madziyi imandidetsa nkhawa kwambiri, pakuti mzinda uno unavutika ndi kolera mu 2008, mu 2018 ku Glen View ndi Budiriro, ndiponso mu 2023, ndipo kusonkhanitsa anthu ambiri pamalo opanda madzi okwanira nthawi ya kolera kungathe kuwapha m'malo mowapulumutsa.

Chofooka chachikulu n'chakuti zonsezi zinkadalira chifundo cha anthu ochepa, popanda lamulo lokakamiza aliyense. Ku England, boma linauza makhonsolo mu Malichi 2020 kuti alowetse m'nyumba onse ogona m'misewu, pa ndondomeko yotchedwa Everyone In. Pambuyo pake makhonsolo ena anayamba kubweza anthu amene malamulo olowera m'dzikolo sawalola kulandira thandizo la boma, mpaka mu Malichi 2021 pamene khoti lalikulu, pa mlandu wa Ncube ndi khonsolo ya Brighton and Hove, linagamula kuti makhonsolo ali ndi mphamvu zopezera anthu otere pogona pamene moyo uli pangozi. Ndikukhulupirira kuti makhonsolo a kuno nawonso ayenera kukhala ndi mfundo yolembedwa yotere, chifukwa kachilombo kakagwira munthu wopanda chitupa pamsika, mawa kadzakhala m'nyumba mwa amene ali nacho.

Malamulo atayamba kufewa, holoyo inatsekedwa, ndipo anthu anauzidwa kutatsala masiku ochepa okha. Agogo anabwerera kumsika atanyamula bulangete lija m'thumba, ndipo anagona panja m'nyengo yozizira mpaka bungwe lathu litasonkha ndalama zowalipirira kachipinda ku Epworth, kufupi ndi Harare. Choncho amene adzaperekezeko mbale wake atenge chigubu cha madzi ndi bulangete lina lowonjezera, ndipo afunse tsiku loyamba lomwelo kuti malowo adzatsekedwa liti, kuti abale ayambiretu kufunafuna kumene munthuyo adzapite.