Tebulo la mabaji akale a asilikali pa msika wa Lamlungu ku Arcades

Pakati pa ogulitsa zosema, mikanda ndi zitenje pa msika wa Lamlungu ku Arcades pali madala ena amene amayala ndalama zakale, masitampa ndi mabaji a zipewa za asilikali. Ambiri amangowadutsa. Kwa munthu amene akuyamba kutolera mabaji muno mu Lusaka, tebulo limenelo ndi poyambira pabwino, bola apite akudziwako pang'ono.

Chimene ndimawakondera n'chakuti sakulola kugula usanatembenuze baji. Ukamangosirira kumaso amakuuza kuti, "Mwana wanga, taonani kaye kumbuyoko." Baji yodindidwa ndi makina ku Birmingham kapena London imakhala yoloweka kumbuyo, ndipo mzere uliwonse wa kumaso umaonekanso mkatimo. Yokopera, yothira chitsulo chosungunuka m'chikombole, kumbuyo kwake kumakhala kodzaza, kuli timaenje ngati ta mchenga, m'mphepete mukuoneka modutsa tupa. Amakuonetsanso chomangira: kaya ndi timphete tiwiri tolowetsamo pini, kaya ndi kalilime kachitsulo kotsika pansi. Dzina la wopanga, monga J.R. Gaunt kapena Firmin, limathandiza, koma iwo eni amanena kuti okopera nawonso amalidinda. Ndipo si yothira iliyonse imene ili yabodza, chifukwa nthawi ya nkhondo mabaji ena ankapangidwa motero m'mayiko amene asilikaliwo anali. Zoterezi amaziika padera n'kukuuza maganizo awo, zina zonse n'zako.

Za chisoti chachifumu ndinaziphunzira pomwepo, atandiikira m'manja mabaji awiri a Keyala, kutanthauza gulu la asilikali la King's African Rifles, onse a lipenga lomangidwa zingwe. Ina chisoti chake chinali chozungulira pamwamba, chimene chinagwiritsidwa ntchito kuyambira 1902, chaka chomwenso King's African Rifles inakhazikitsidwa. Inayo chinali chobonyoka pakati, cha nthawi ya Mfumukazi Elizabeth, kuyambira cha m'ma 1953. Choncho wina akakuuza kuti baji ya chisoti chobonyoka inapita ku nkhondo ya ku Burma ya m'zaka za m'ma 1940, mumwetulireni n'kupitirira.

Imene ndinkaisaka kwenikweni ndi ya Northern Rhodesia Regiment, ya mbalame ya miyendo yaitali ndi nthenga zoimirira pamutu, ndi mawu a Chilatini akuti Diversi Genere Fide Pares. Gulu limeneli linapatukana ndi Northern Rhodesia Police mu 1933, linamenya nkhondo ku Tug Argan m'dziko la British Somaliland mu Ogasiti 1940, kenako ku Burma mu 1944, ndipo pa ufulu mu 1964 linasanduka Zambia Regiment. Mayina a nkhondo za nthawi imeneyo timayenda nawo tsiku lililonse osawaganizira: Burma Road, Arakan Barracks, Tug Argan Barracks ku Ndola, ngakhale Gondar Barracks kwathu ku Chipata. Madalawa anali nazo ziwiri. Imodzi ananena okha kuti sakuikhulupirira. Inayo inali yolemera bwino, mkuwa wake utada, ndipo m'makona a zilembo munali mutatsalira polishi woyera wouma. Ndinatenga imeneyo. Anayambira pa K600, tinagwirizana K450.

Zodandaula zilipo. Chachikulu ndi kupukuta. Mabaji ena amawakwecha kuti awale akope alendo, ndipo ndinaona ya Royal Artillery imene mawu akuti Ubique anali atatsala pang'ono kufufutika. Zoona, asilikali eni ake ankapukuta tsiku ndi tsiku, motero kuperepeseka kwina n'kwakale, koma kuwonjezerapo lero n'kuwononga katundu. Ndinawapempha kuti, "Madala, zanga muzingozisiya zakuda choncho," anaseka, koma tsopano amandisungira m'kachitini.

Pa magulu a kuno ndi a ku Nyasaland amadziwa zinthu zawo. Pa a ku Britain m'pamene amaterereka: chilichonse kwa iwo ndi cha Nkhondo Yachiwiri, ngakhale mabaji opepuka a aluminiyamu otchedwa Staybrite amene anayamba m'zaka za m'ma 1950. Komanso ndinapeza baji yapulasitiki yofiirira itaponyedwa m'bokosi la zotchipa pamodzi ndi mabatani, mabaji a sukulu ndi a njanji, pamene zapulasitikizo n'zimene zinalidi za nthawi ya nkhondo, zopangidwa pofuna kupulumutsa mkuwa. Bokosi limenelo musalinyoze, ngakhale zala zimachokamo zili bii.

Mtengo nawo umakwera azungu akaima pafupi, ndiye dikirani achoke kaye. Risiti palibe, ndipo kubweza katundu kumadalira mmene mwadziwanirana. Amalandira ndalama ya pafoni, koma amatsitsa msanga akaona ya m'manja. Fikani m'mawa asanayambe kupukuta, ndipo mutenge kagalasi kokulitsira zinthu, chifukwa kawo kali ndi mng'alu pakati.